Nyali za Galimoto ya Bambo

Bambo anga anapititsa galimoto yawo kwa Mphezi. Kwa Mphezi! Munthu amene chaka chathachi ankagulitsa machaja a foni ndi timawailesi m'kakontena kake, lero akuti ndi katswiri wa magetsi a galimoto. Ndipo kakontenako kali maso ndi maso ndi garaja yanga, kungodumpha msewu basi. Makasitomala anga onse anadzionera okha: galimoto ya bambo anga boneti ili yasa, mutu wa Mphezi uli m'katimo, amayi atakhala phee pampando wakutsogolo ngati palibe chikuchitika.

Ine ntchito yanga ndi ya magetsi a galimoto, ndipo chino ndi chaka changa cha khumi ndi chinayi. Anandiphunzitsa ndi bambo omwewo, m'garaja yomweyi. Ndinayamba ndi kuwagwirira tochi. Mayo ine, tochi imeneyo ndinailirira! Dzanja likangotopa pang'ono kuwala n'kusendera pambali, ankakalipa mpaka oyenda pamsewu kucheuka: "Walitsa pamene pali manja anga, iwe! Ukuwalitsira makoswe?" Atapuma pantchito anandisiyira garaja, zida zonse, ndi ukali wawo womwe.

Koma si manyazi okha amene anandipsetsa mtima tsiku limenelo. Galimoto imeneyo imanyamula mwana wanga. Ndili ndi mwana mmodzi yekha, wamkazi, wa zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo sukulu yake ili kutali. Amanyamuka kusanayere bwino. Bambo amayendetsa, amayi amakhala kutsogolo, mwana kumbuyo. Akamutula kusukulu amapitirira onse awiri kushopu kumene amayi amasoka zovala, bambo n'kuswera komweko akumvera wailesi. Choncho waya aliyense wa m'galimoto imeneyo ndimamusamala ngati mtsempha wa m'thupi mwanga.

Nkhani inayamba miyezi itatu m'mbuyomo. Bambo anabwera n'kunena kuti nyali zakutsogolo zafooka. Ndinasintha mababu onse awiri, n'kuika atsopano. Patapita sabata anabweranso.

"Mababu akowa akuyaka ngati koloboyi."

Ndinapukuta magalasi a nyali mpaka kumadziona nkhope. Anabweranso. Ndinapala mawaya onse amene anachita dzimbiri, ndinayeza batire, ndinaika rile yatsopano, kaswichi kopatsira magetsi, kuti moto uzifika kunyali wosachepekera. Kenako ndinaimika galimotoyo pakhoma.

Khoma limenelo ndiye woweruza wa garaja yathu. Lili kumapeto kwenikweni, loyera, ndipo pakati pake padutsa mzere wofiira, wonenepa ngati zala zitatu. Anaujambula ndi bambo, ine ndisanabadwe. Pansi pali mzere wina pamene matayala akutsogolo amaima. Ukatseka zitseko n'kuyatsa nyali pa dimu, kuwala kuyenera kuthera pansi pa mzere wofiirawo. Kukadumpha mzere, ndiye kuti ukuthobwa m'maso anzako obwera kutsogolo. Tsiku limenelo kuwala kunakhala pansi pa mzere, chakuthwa ngati wadula ndi lumo. Bambo anali panja, akucheza ndi wowotcherera zitsulo. Ndinawaitana kuti adzaone, iwo anangogwedeza dzanja n'kunena kuti khoma siliyenda pamsewu.

Kenako anamva za mababu a LED. Ati amawala ngati masana.

"Bambo," ndinatero, "nyali za galimoto yanu anazipangira babu la kawaya kamodzi. Mbale yonyezimira ili kumbuyo kwa babuyo imasonkhanitsa kuwala kochokera pa kawayako n'kukuponya pansi, pamsewu. Mukaikamo LED wamba, kuwala kumachokera malo ena, mbale ija imangokumwaza paliponse. Mudzawalitsa mitengo ndi nkhope za anthu, msewu n'kuusiya. Munandiphunzitsa ndinu zimenezi."

"Ndiye ukukana?"

"Ndikukana. Ngati mukufunadi LED tisinthe nyali yonse, tiike yopangidwira zimenezo. Koma nyali zanu zilibe vuto."

"Dzira likuphunzitsa nkhuku kuikira," anatero, n'kutuluka.

Ndiye n'chifukwa chake m'mawa umenewo, nditaona galimotoyo kwa Mphezi, ndinadumpha msewu ndili ndi sikuludiraiva m'manja, osadziwa n'komwe kuti ndainyamula. Mphezi atandiona anatulutsa mutu m'boneti, mano onse panja.

"Aaa, achemwali! Mwabwera kudzaphunzira ntchito?"

"Chotsa manja ako m'galimoto imeneyo."

"Eni ake ndi awa, achemwali. Akufuna zamakono. Tasintha zonse: kutsogolo, kumbuyo, maindiketa, mabuleki, ngakhale kanyali ka pa nambala. Galimoto yasanduka mkwatibwi."

Ndinasuzumira. Abale inu! Mawaya anali opotokola ndi manja n'kukulunga tepi, ngati mwana akumanga mpira wa mapepala. Chipira chotchinga fumbi kumbuyo kwa nyali anachitaya chifukwa mababu ake anali ndi mitu ikuluikulu yosalowa. Rile yanga yatsopano ija inali lende, ikugunda pa injini.

"Bambo, mukuona zimene wachita munthuyu?"

"Ndikuona," anatero bambo, nkhope atalozetsa kwina. "Ndikuona munthu amene amamva kasitomala akalankhula."

Ndinayang'ana amayi kuti mwina andithandiza. Iwo anangoweramitsa mutu n'kumathothola tiulusi pa siketi yawo. Ndinabwerera ku garaja misozi ya ukali ikulengeza m'maso, ndipo tsiku lonse ndinakalipira aliyense amene analowa, ngakhale wogulitsa nthochi.

Sipanathe masiku atatu. Ndinaiona galimoto ija ikukhota pamphambano, indiketa ikuphethira mothamanga ngati munthu amene wagweredwa kachitsotso m'diso. Ndinadziwiratu. LED imadya moto wochepa, ndiye kachida kophethiritsa kamaganiza kuti babu lapsa. Chinthu chokonza pa mphindi khumi, koma Mphezi angachidziwire kuti? Tsiku lachinayi kunabwera dalaivala wa minibasi, kasitomala wanga wakalekale, munthu waulemu wake. Sanakhale n'komwe pabenchi.

"Mayi, galimoto yotuwa ija si ya madala anu?"

"Ndi yawo."

"Ndinu munawaikira zinyali zimene zija?"

"Ine? Mundilemekezeko."

"Ndinadziwa. Koma anthu pasiteji akuti ndinu, poti ndi bambo anu. Lero m'mawa pang'onong'ono ndikanagwetsera anthu khumi ndi asanu m'ngalande. Ndinawaphethirira nyali kuti achite dimu, osatheka. Kenako ndinazindikira kuti imeneyo ndiye dimu yawoyo. Komanso amayenda pakati pa msewu, mayi. Muwauze. Wakutsina khutu ndi mnansi."

Ndiye taonani: dzina langa likuipa chifukwa cha ntchito ya Mphezi, ndipo mwana wanga ali m'galimoto imene ikuchititsa khungu madalaivala a minibasi. Tsiku lotsatira ndinadzuka m'mamawa, n'kuvala ovolosi, n'kukakhala kumbuyo pamodzi ndi mwana. Bambo anandiyang'ana pagalasi.

"Kwabwera woyendera ntchito?"

"Ndikufuna ndione masana anu aja."

Kunali kukuwaza kamvula, kumwamba kuli bii. Atayatsa nyali ndinachita kugwira pakamwa. Makoma a nyumba za anthu, nthambi za mitengo, zikwangwani zam'mwamba, zonse mbee! Madontho a mvula ankanyezimira ngati wina akuwaza mchere patsogolo pathu. Koma phula lenilenilo, pamene matayala akupita, linali lakuda ngati kale. Galimoto iliyonse yobwera kutsogolo inkatiphethirira. Wina anaimba hutala mpaka kutipitirira. Wanjinga wina anatsika n'kubisa nkhope m'khwapa.

Ndipo amayi! Chinyamukireni pakhomo pakamwa pawo sipanatseke. Ankalankhula chapansipansi, maso ali tong'o kutsogolo, manja atagwira chikwama pamiyendo.

"Hampu, abambo. Eya. Njinga kumanzereku. Mwaipitirira. Dzenje lija layandikira, senderani kuno. Ana awiri akufuna kuwoloka. Imani. Pitani tsopano."

Zinandinyansa. Ndinati, "Amayi, asiyeni ayendetse! Munthu wayendetsa galimoto zaka makumi anayi, lero mukumuuza za mahampu?"

Amayi anangokhala chete kamphindi, galimoto n'kugunda dzenje mpaka mwana kuluma lilime, kenako anayambiranso: "Kumanja pang'ono. Basi pomwepo." Mwana anandinong'oneza kuti agogo aakazi amatero tsiku lililonse, ndipo iye amaloweza mawuwo ngati nyimbo. Ine, ndi nzeru zanga zonse za mawaya, ndinangoti ukalamba ndi umenewu, anthu amayamba kulongolola.

Titamutula mwana, ndinayamba.

"Mwaona mmene akutiphethirira anthu? Mukuwapha m'maso, bambo!"

"Nsanje," anatero bambo. "Komatu sizinafikepo. Msewu ukadali wakuda. Mphezi akuti ali ndi chinyali chachitali chomangirira padenga. Chimenecho ndiye chimaliza nkhani."

"Padenga? Mukupita kosaka nyama kodi? Mukaika chimenecho, mwana wanga sakweranso galimoto ino!"

"Mwana wako ndi mdzukulu wanga. Ndinakunyamula iweyo m'galimoto zopanda ndi mabuleki omwe, unafa?"

Ndinatsika pamphambano n'kumenyetsa chitseko, ndipo ndinayenda wapansi mpaka ku garaja mvula ikundinyowetsa.

Lachisanu masana amayi anabwera okha. Chimenecho chinali chachilendo, chifukwa amayi sakonda fungo la oyilo. Anaima pakhomo atakumbatira chikwama chawo.

"Mng'ono wanga amuchita opaleshoni Lolemba. Ndikupita kukamudwazika. Ndikakhala sabata yathunthu."

"Ndamva. Mukampatse moni."

"Sabata imeneyi mwana uzimuperekeza wekha kusukulu."

"Nditsegule garaja nthawi yanji? Bambo alipo. Ingowauzani andipatse galimotoyo ndichotsemo zinyalala za Mphezi, basi nkhani yatha."

"Uzimuperekeza wekha, ndatero."

"Chifukwa chiyani?"

"Ndiwe wamakani ngati bambo ako. Ukamva mawu, uzingomva."

"Amayi, masiku onsewa mwakhala chete ine ndikunyozeka pamsewu wonse uno. Munakhala m'galimoto muja Mphezi akuidula mawaya, osanena kanthu. Lero mukubwera ndi malamulo opanda mutu. Nenani chimene chilipo!"

Anatembenuka n'kumapita. Madzulo ake bambo anandiimbira foni, mawu ali ouma. Anati amva zimene amayi anena, ndipo ndi zamkutu. Lolemba mwana adzamutenga okha monga mwa masiku onse, ndipo Loweruka Mphezi akumanga chinyali chija padenga.

Pamenepo ndinati basi, zakwana. Munthu ameneyu sangamve za ine, koma khoma lake lomwe adzalimva.

Loweruka m'mawa ndinawadikirira pamsewu. Atangoima kutsogolo kwa kontena ya Mphezi, ndinaima patsogolo pa galimoto manja ali m'chiuno.

"Musanaike chinthucho, lowetsani galimoto mu garaja. Mphindi zisanu zokha. Khoma likanena kuti nyali zili bwino, chinyali chapadengacho ndikumangirani ndine, ndi manja angawa, Mphezi akuonerera."

Bambo amakonda kupambana anthu akuona. Anavomera. Amayi anati, "Abambo, tiyeni tizipita, tichedwa," koma iwo anali atakhota kale. Polowa pachipata anakhula galasi lam'mbali pachitseko, chitseko chimene alowapo kambirimbiri, n'kunena kuti ndinachisuntha. Mphezi anatilondola, manja m'thumba, akuimba kaluzu. Ndinamulola. Ndinkafuna adye manyazi ake ali pomwepo.

Ndinaimika matayala pamzere wapansi. Ndinakoka zitseko zonse ziwiri, m'garaja n'kuchita mdima. Bambo anatsika n'kuima pambali pa boneti, amayi chapafupi nawo. Ndinalowetsa dzanja pawindo n'kuyatsa dimu.

Khoma lonse linayaka. Osati pansi pa mzere pokha ayi: pamwamba, m'mbali, mpaka kumalata ndi akangaude ake. Mphezi mwini wakeyo anatsinzina n'kutchinga nkhope ndi chipewa. Mzere wofiira uja unali pakati pa kuwalako, wooneka ngati chilonda.

"Eya!" ndinakuwa. "Onani! Kuwala kukuyenera kuthera pati? Munkandiuza chiyani inu? Pansi pa mzere! Nanga uku kuli pati? Yang'anani mzere wanu, bambo, mundiuze kuti ndine wabodza!"

Bambo anayang'ana khoma. Sanatsinzine n'komwe. Anapendeketsa mutu uku, n'kupendeketsa uku.

"Unaufufutiranji?"

"Chiyani?"

"Mzere. Wapaka laimu pamzere wanga kuti undinamize? Khoma langoti mbuu lonse. Ndipo ukuona, ndi zomwe ndimanena zija, nyali zikadali zofooka. Ngati muli utsi muno."

Ndinayang'ana mzerewo. Ndinayang'ana bambo. Iwo anayamba kuyenda kupita kukhoma, dzanja limodzi patsogolo, n'kupunthwa pa jeke imene inali poonekeratu. Atafika anasisita khoma ndi chikhatho, m'mwamba kwambiri, n'kumatsika pang'onopang'ono mpaka zala zinamva pamene penti wofiira watundumuka. Anaima pomwepo. Anayandikitsa nkhope mpaka mphuno kutsala pang'ono kugunda khoma.

"Ulipo," anatero, mawu ali pansi.

Kumbuyo kwanga amayi anayamba kulira.

Ndinazimitsa nyali. Ndinatenga tochi pathebulo, n'kupita pamene anaima, n'kuwawalitsa kumaso chapambali. Pakati pa diso lililonse, pamene payenera kukhala pakuda, panali potuwa ngati dontho la mkaka m'madzi. Ng'ala. Maso onse awiri. Miyezi itatu ndakhala ndikupala mawaya, kuyeza batire, kupukuta magalasi a nyali, osayang'anako nkhope ya mwini galimoto ngakhale kamodzi.

"Mphezi, tuluka," ndinatero.

"Achemwali, ine sindimadziwa kuti..."

"Tuluka ndisanakuponyere sipanala!"

Anatuluka chothamanga, chitseko n'kuchisiya chotsegula pang'ono. Ndinatembenukira amayi.

"Hampu. Njinga. Dzenje. Ndimayesa mukulongolola, pamene ndinu mukuyendetsa galimoto ndi pakamwa! Chiyambire liti?"

"Chaka chatha," anatero amayi akusisima. "Masana amaonako. M'mawa ndi madzulo ndiye..."

"Chaka! Chaka chathunthu mwana wanga ali kumbuyo, woyendetsa sakuona, inu mukuwerenga mahampu! Mukanayetsemula panjira? Mukanacheuka kuyang'ana mwana? Amayi, mwana mmodzi yekhayo! Munandibisira bwanji chinthu chotere?"

"Anandiletsa. Anati ukadziwa uwalanda makiyi."

"Eee, ndiwalanda! Nanga ndiwasiyire?"

"Usakalipire mayi ako," anatero bambo, akadali chapakhoma. "Ndi chifunga chabe. Chimabwera n'kupita. Msewu wakusukulu ndimaudziwa ngati chikhatho changa. Mahampu asanu ndi awiri, maenje atatu, mphambano ziwiri."

"Nanga ana owoloka msewu ndi angati, bambo? Amenewonso munawawerenga?"

Bambo anatembenuzira nkhope kukhoma, ine n'kupitiriza.

"Kuchipatala amachotsa ng'ala. Anthu amaonanso. Bwanji simunapite?"

"Akandiletsa kuyendetsa."

"Ndiye munasankha kunena kuti mwana wanu sadziwa ntchito. Munasankha kundichotsa ulemu pamaso pa msewu wonse, kupita kwa wogulitsa machaja, kusiyana n'kunena kuti maso akuvuta. Mukudziwa mmene zinandipwetekera? Ndinkagona ndikuganiza kuti ndalakwitsa pati pa nyali zimene zija!"

Ndinatambasula dzanja. "Makiyi."

Makiyi anali mu galimoto, koma bambo anafika msanga kuposa ine. Anapapasa chitseko, n'kukhala pampando wawo, n'kugwira chiwongolero ndi manja awiri.

"Galimoto iyi ndi yanga. Ndinakusiyira garaja, ndinakusiyira zida, ndinakusiyira makasitomala. Chatsala ndi ichi chokha. Ukandilanda ichi ndikhala chiyani? Nkhalamba yomvera wailesi pashopu ya mkazi wake? Tsegula zitseko, ndikutuluka. Ndipo Lolemba mdzukulu wanga ndimutenga."

Mtima unandiwawa, sindikana. Koma ukali unali pamwamba pa chisoni. Sindinalimbane nawo. Ndinakoka kachingwe ka boneti pafupi ndi bondo lawo, ndinazungulira kutsogolo, ndinatsegula kabokosi ka mafyuzi, n'kuzula kanthu kamodzi kakuda, kochepa ngati bokosi la machesi. Ndinakaponya m'thumba la ovolosi, n'kutseka boneti. Kenako ndinakankha zitseko za garaja zonse ziwiri mpaka kumapeto.

"Njira ndi imeneyo. Pitani."

Anapotokola kiyi pang'ono, mpaka pamene timagetsi ta padeshibodi timayaka. Sanalize injini. Anangopendeka mutu n'kumvetsera, monga ankachitira kale galimoto ya kasitomala ikangolowa. Galimoto imeneyo ukatsegula kiyi, kumbuyo kumamveka kakulira kakang'ono, pampu ikukoka mafuta. Tsiku limenelo kunali zii.

Anazimitsa. Anayatsanso. Zii.

"Wachotsa rile ya pampu," anatero.

"Eee."

"Bweretsa."

"Ayi, bambo."

Chibadwire sindinawayankhepo choncho maso ndi maso. Anatulutsa dzanja pawindo, chikhatho chili m'mwamba, n'kudikira. Ndinaika dzanja langa pathumba n'kuima pomwepo. Amayi anasiya kulira. Panja minibasi inadutsa kondakitala akuitanira anthu. Dzanja la bambo linakhala m'malere nthawi yaitali, kenako linatsika lokha.

"Ukanazula waya wa batire ndikanabwezeretsa ndi maso otseka," anatero.

"Ndikudziwa."

"Ndiye mababu ako aja anali bwino."

"Anali bwino kuyambira oyamba aja."

Anagwedeza mutu. Anasolola makiyi, n'kuwayang'ana ngati akuwaona, n'kuwaika pamwamba pa deshibodi. Potsika anakana kuti amayi awagwire mkono.

Ukali sunathe tsiku limenelo, ndisaname. Amayi sindinawalankhule bwino mpaka atabwerako kodwazika, ndipo mpaka lero chaka chimene chija sindinachiiwale. Lolemba mwana ndinamuperekeza ndekha pa minibasi, garaja n'kutsegula mochedwa. Lachiwiri ndinawatengera bambo kuchipatala cha maso, akung'ung'udza njira yonse. Adokotala anati ayamba ndi diso lamanzere mwezi wamawa, ndipo za kuyendetsa tidzakambirana akadzachira onse awiri. Rile ija ili m'kabati yanga yokiya.

Lachitatu masana ndinayamba kuchotsa ntchito ya Mphezi. Ndinadula timfundo take tonse ta tepi, n'kulumikiza mawaya mwaulemu wake. Kumbuyo ndinasiyako ma LED a mabuleki, chifukwa amenewo amayaka msanga ndipo wobwera pambuyo amakuona bwino, ndipo ndinasintha kachida ka maindiketa kuti aziphethira ngati a galimoto ya munthu. Koma kutsogolo ndinatulutsa mababu anga aja, amene ndinawatola mu bini ya Mphezi iye akuyang'ana kumbali.

Bambo anali pabenchi, poti kushopu kunali kotseka. Anandimva ndikutukwana kakilipu kogwira babu, kamene kamakhala kuseri kwa nyali, kumdima, kumene dzanja limalowa chopindika.

"Kakuvuta?"

"Sindikukaona."

Anadzuka, anapapasa pathebulo mpaka anapeza tochi, n'kubwera kudzaima pambali panga, phewa lawo likugunda langa. Anaiyatsa. Kuwala kunagwera pa batire, kutali ndi manja anga, n'kukhala pomwepo osagwedezeka. Mawu aja anafika pakamwa penipeni, omwe aja a makoswe. Ndinawameza. Ndinatseka maso n'kukafufuza kakilipuko ndi zala mpaka kanalira kuti tha.

"Pakuwala bwino pamenepo?" anafunsa bambo.

"Pakuwala, bambo. Gwirani choncho."